Musanapikule mabatire olembedwa LTO, dziwani izi

Amene mumagulitsa zipangizo za magalimoto ndi za sola, mukakumana ndi batire lolembedwa LTO kapena SCiB musaliyese ngati mabatire ena a lithium. Ili ndi la lithium titanate, ndipo lili ndi khalidwe lakelake.

Kampani ya Toshiba ya ku Japan inayamba kugulitsa SCiB mu 2008. Suzuki inayamba kuliika mu Wagon R mu 2012, kabatire kakang'ono kokhala pansi pa mpando wa wokwera kutsogolo. Ena mwa magalimoto ogwiritsidwapo kale ntchito omwe timaitanitsa ku Japan amabwera nako. Ku China, kampani ya Yinlong yakhala ikuyendetsera mabasi amagetsi mabatire otere.

Kusiyana kwake kuli mkati. Mabatire ambiri a lithium ali ndi graphite mbali imodzi, ndipo graphite akamatchajidwa amatupa, akamatha moto amafwamphuka, mpaka batire limatopa. Titanate satupa kwenikweni. N'chifukwa chake Toshiba imati batire lake limatchajidwa maulendo oposa 20,000, komanso limadzaza kupitirira 80 peresenti m'mphindi 6. Silipsanso moto chisawawa.

Koma pamene mpamba ungalowe m'madzi ndi apa. Selo imodzi ya LTO imatulutsa pafupifupi 2.3V, pomwe ya LiFePO4, yofala m'mabatire a sola, imatulutsa 3.2V. Pofuna 12V, a LiFePO4 mumalumikiza maselo 4, a LTO pamafunika 5 kapena 6. Kasitomala akagula anayi poyesa kuti ndi zimodzimodzi, mawa lake ali pa benchi panu kufuna ndalama zake. Tchaja ndi BMS nazonso zikhale za LTO. Selo yake siyenera kupitirira 2.8V, ndiye tchaja ya LiFePO4, yomwe imakankha mpaka 3.65V, ingaiwononge. Maselo a mitundu iwiriyi musawaphatikize m'batire limodzi.

Chinanso, LTO ndi yodula ndipo imasunga moto wochepa poyerekeza ndi kulemera kwake. Wa njinga yamoto yamagetsi wofuna mtunda wautali angakhumudwe nayo. Ine ndimaiona yoyenera amene amatchaja kangapo patsiku ndipo magetsi amawapeza kwa kanthawi kochepa.

Mukamapikula maselo ochotsedwa m'galimoto, tengani mita muyeze imodziimodzi wogulitsa akuona. Yotupa, yodontha kapena yosonyeza pansi pa 1.5V isiyeni, ngakhale akutsitsireni mtengo.