Khutuba ya Lachisanu: Foni, Dzina Lake ndi Kumwaza Chuma

Kutamandidwa konse ndi kwa Allah, Mwini riziki. Madalitso ndi mtendere zipite kwa Mtumiki Wake Muhammad, akubanja kwake ndi maswahaba ake onse.

Abale ndi alongo m'Chisilamu, tikatuluka mumzikiti uno timamva achinyamata athu akukangana za mafoni. Wina akutama Tecno, wina akunyoza Itel, wina sadziona ngati munthu kufikira atagwira Samsung kapena iPhone. Tidziwe kuti Tecno, Itel ndi Infinix zonse zimapangidwa ndi kampani imodzi, Transsion, ya mumzinda wa Shenzhen ku China. Ife tikunyozana kuno ku Molumbo, ndalama zikukalowa m'thumba limodzi.

Foni payokha siyoipa. Ndiyo imatiuza mtengo wa nandolo ku Milange tisanamange matumba panjinga, ndiyonso imalandira ndalama za e-Mola kapena M-Pesa kuchokera kwa mwana wathu ali ku Quelimane. Chimene tikuopa ndi israafu, kumwaza chuma, khalidwe limene Allah walidzudzula mwamphamvu mu Sura ya Al-Israa, ndime 26 ndi 27. Munthu wogulitsa chimanga cha m'nkhokwe, kapena wolowa m'katapira amene ali haramu, kuti asinthe foni yogwirabe ntchito pamene ana ake alibe makope, akayankha chiyani pa tsiku lachiweruzo?

Mayi wathu Aisha, Allah asangalale nawo, adafotokoza kuti Mtumiki ankasoka yekha chovala chake ndi kukonza nsapato zake. Tsono ife manyazi tikuwatenga kuti posintha batire lofooka kapena galasi losweka?

Opanga mafoni nawonso ali ndi mlandu wawo. Mu 2020 dziko la France lidalipiritsa Apple mayuro 25 miliyoni chifukwa chochedwetsa ma iPhone akale osawauza eni ake, ndipo mu 2024 mayiko a European Union adakhazikitsa lamulo lopatsa ogula ufulu wokonzetsa katundu wawo. Choncho tisanafunse dzina la foni, tiyambe tafunsa ngati zipangizo zake zimapezeka ku Milange kapena kutsidya ku Limbuli.

Inu abale athu amisiri okonza mafoni, kumbukirani wamalonda uja wa ku Madina amene adabisa chakudya chonyowa pansi pa chouma, Mtumiki atapisa dzanja nkumudzudzula. Batire lakale musalitchule latsopano. Zithunzi ndi mauthenga a m'foni imene mwasiyiridwa ndi amana. Musazitsegule, musazitumize kwa wina.