CIKUMBU CA PA CISUMBU CA FRÉGATE

M'nyanja yaikuru ya Indian Ocean, kutali kum'mawa kwa Afrika, muli zisumbu za Seychelles. Cimodzi ca izo ndi Frégate, cisumbu cacing'ono cimene munthu angathe kucizungulira tsiku limodzi poyenda pansi. Pamenepo pamakhala cikumbu cimene sicipezeka m'thengo kwina kuli konse. Anthu ophunzira amacicha Polposipus herculeanus.

Cikumbu cimeneci ncotuwa, ndipo kutalika kwace kumafika masentimita 3. Msana wace ngwolimba, wa timatuza tambiri. Sicitha kuuluka, motero sicingaoloke nyanja kunka ku cisumbu cina. Usana cimangokhala duu pa makungwa a mitengo, usiku ndipo cimayenda kufuna cakudya. Mphutsi zace zimakulira m'mitengo yoola. Cikaopsedwa cimadzigwetsa pansi ndi kukhala ngati cafa, ndipo cikagwidwa cimaturutsa madzi onunkha amene amadetsa zala.

Kale pa Frégate panalibe makoswe. Koma m'caka ca 1995 makoswe anafika ndi ngalawa, naswana msanga. Macenjerero a cikumbu aja sanathandize konse, pakuti khoswe akaona cikumbu cogona pansi amangocitola ndi kucidya. Patapita zaka zowerengeka zikumbu zinacepa kwambiri, ndipo anthu anaopa kuti mtundu wonse udzatha.

Tsono m'caka ca 1996 anatengako zikumbu zina kunka nazo ku London Zoo, ku England, kumene anaziweta m'mabokosi okhala ndi mitengo yoola, ndipo zinaswana bwino. M'caka ca 2000 anamwaza nyambo ya mankhwala pa cisumbu conse kucokera m'ndege ya helikopita. Asanatero anayamba atsekera mbalame zosowa m'zikwere kuti zingadye nyamboyo. Makoswe onse anafa, ndipo zikumbu zinayamba kucurukanso.

Zamoyo za pa zisumbu zakutali sizidziwa adani acilendo, ndiponso ziribe kothawira. Cifukwa cace a pa Frégate amayang'anitsitsa akatundu onse ofika pa doko, pakuti khoswe mmodzi wa bere angathe kubweza tsoka lonse lija.

MAFUNSO

1. Kodi cisumbu ca Frégate ciri kuti?
2. Ncifukwa ninji cikumbu cimeneci sicingathawire ku cisumbu cina?
3. Fotokozani njira ziwiri zimene anthu anacipulumutsira.