Kufufuza mbiri ya agogo amene anali ku Keyala

M'midzi ya kwa Makhuwira muli mabanja ambiri amene amangodziwa kuti agogo awo anapita kunkhondo. Mukafunsa kuti nkhondo iti, anakafika kuti, anabwera liti, palibe woyankha. Kufufuza n'kotheka, koma dziwiranitu kuti mapepala ambiri anapsa. Mu 1919 moto unatentha maofesi aboma ku Zomba pamodzi ndi zolemba zakale. Mu 1940 bomba la Majeremani linagwera nyumba ina ku London n'kuwononga oposa theka la mafayilo a asilikali a Britain a nkhondo yoyamba. N'chifukwa chake kufufuza kuyambire pakhomo.

Chofunika kuposa zonse ndi nambala ya msilikaliyo. Mayina amafanana, ndipo azungu ankawalemba momwe awamvera, koma nambala inali ya munthu mmodzi. Tsegulani sutikesi yakale ya agogowo. Ngati muli mendulo ya nkhondo ya 1914 mpaka 1918, imene makolo ankaitcha ya Chiwaya, yang'anani m'mphepete mwake: anadindamo nambala, dzina ndi gulu. Mamendulo ambiri a nkhondo ya 1939 mpaka 1945 alibe dzina, choncho pamenepo funani chikalata chotulukira usilikali kapena kabuku kamalipiro.

Kuno kuchigwa madzi ndi chiswe zawononga zambiri. Pepala limene linanyowa pa madzi osefukira a 2015 kapena pa namondwe wa Freddy mu 2023 musalitaye, ngakhale litaoneka ngati latha ntchito. Ngati masamba amatana musawakanule mokakamiza, musawayanike padzuwa, musawamate ndi selotepi. Liikeni patebulo pamthunzi, lijambuleni ndi foni mbali zonse, kenaka lisungeni muenvulopu pamalo ouma. Manambala atatu okha owerengeka angathe kukutsegulirani njira.

Mukatero khalani pansi ndi achikulire. Afunseni dzina laubwana la agogowo, dzina lachikhristu, dzina la bambo awo, mudzi ndi nyakwawa ya nthawi imeneyo. Mvetserani mayina a maiko. Akatchula Abyssinia ndiye kuti ndi cha m'ma 1941, Madagascar ndi 1942, Burma ndi 1944. Lembani zonse, ngakhale zimene zikutsutsana.

Tsopano mungathe kukwera galimoto pa Thabwa ulendo wa ku Zomba, ku National Archives of Malawi. Tengani chitupa cha unzika ndi zithunzi zija. Pemphani zolemba za King's African Rifles (Keyala) komanso malipoti a bwanamkubwa wa boma la Chikwawa. Kumbukirani kuti Nsanje kale ankailemba kuti Port Herald, ndipo Makhuwira mungampeze atalembedwa kuti Makwira. Muli ku Zomba komweko kafunseninso ku Cobbe Barracks, komanso ku VELOM, bungwe la asilikali opuma.

Zina zili pa intaneti. Pa tsamba la The National Archives ya ku Kew, ku Britain, pali makadi a mamendulo a nkhondo yoyamba, ndipo a Keyala alipo. Yesani dzinalo m'kalembedwe kosiyanasiyana. Kulinso mabuku amene gulu lililonse linkalembamo zochitika za tsiku ndi tsiku. Satchula kawirikawiri msilikali wamba, koma amakuuzani kumene gulu la agogo anu linali. Ngati anafera kunkhondo, fufuzani kwaulere pa tsamba la Commonwealth War Graves Commission, bungwe loyang'anira manda a asilikali.

Chimene chimandipweteka mtima ndi nkhani ya atengatenga. Anthu pafupifupi 200,000 a dziko lino ananyamula katundu pa nkhondo yoyamba, ndipo ambiri sanasiye fayilo iliyonse. Mu 2021 bungwe loyang'anira mandalo linavomera lokha kuti Aafirika ambirimbiri amene anafa sanakumbukiridwe ndi mayina awo. Ngati agogo anu anali mtengatenga, mwina umboni wokha umene watsala uli pakamwa pa azakhali anu. Pitani mukawajambule mawu sabata ino.