Sefa ya intaneti pa seva: kuyiika ndi kuichotsa

Anzanga, mukaona kuti Facebook ikukana kutseguka mu labu pomwe pa foni ikutseguka bwinobwino, musamati kompyuta yafa. Pali sefa, ndipo mwa zomwe ndaphunzira ku kalabu ya kompyuta, kuyiika sikuvuta. Pamene pamafunika mutu m'pochotsa.

Makompyuta a mu labu amadzera pa kompyuta imodzi, seva, asanafike pa intaneti. Ine ndimagwiritsa ntchito Ubuntu Server, yomwe ilibe zithunzi zodina ndi mouse. Zonse n'zolemba basi. Sefa yake ndi pulogalamu yaulere yotchedwa Squid. Mumangolemba kuti sudo apt install squid, n'kudikira pang'ono, yalowa.

Kenako mumatsegula fayilo ya /etc/squid/squid.conf n'kulembamo mizere iwiri:

acl oletsedwa dstdomain .facebook.com
http_access deny oletsedwa

Kadontho kali patsogoloko musakaiwale, ndi kamene kamagwira maadiresi onse othera ndi dzinalo. Koma chachikulu ndi malo a mizereyi. Squid imawerenga malamulo kuyambira pamwamba, ndipo ikapeza loyamba lokhudza pempho lanu imaima pomwepo. Ndiye mukaika mzere woletsa pansi pa mzere wololeza makompyuta a mu labu, sefa ija ili ngati yong'ambika: ufa ndi misere zonse zidutsa. Woletsa akhale pamwamba. Mukatha, lembani sudo systemctl restart squid, ndipo pa kompyuta iliyonse muuze browser kuti izidzera pa adiresi ya seva, port 3128.

Ena mumaopa kuti aphunzitsi amawerenga mameseji anu. Ayi. Pa masamba a https, sefa yoikidwa chonchi imangoona dzina la webusayiti, osati zamkati. Koma dzinalo imalilemba ndithu, ndiye musamati sitinakuuzeni.

Tsono kuchotsa. Tinene kuti sefa ikutsekanso masamba a Biology pomwe a Fomu 4 akusaka manotsi a MSCE. Apa ine sindingachotse pulogalamu yonse, ndingangofufuta dzina limodzi lomwe lalakwikalo. Koma ngati aphunzitsi alamula kuti ichoke, pali njira ziwiri. Mukalemba sudo apt remove squid, pulogalamu imachoka koma squid.conf imatsala, moti mukadzaiikanso malamulo akale aja adzadzuka onse. Mukalemba purge m'malo mwa remove, fayiloyo imapita nayo limodzi. Musanatero, koperani fayiloyo pa flash.

Ndipo musathamangire kuchotsa. Ma browser onse akadali kugogoda pa port 3128, ndiye Squid ikangochoka palibe womutsegulira aliyense, labu yonse zii, intaneti palibe ngakhale bandulo ilipo yambiri. Yambani mwazungulira kompyuta iliyonse kuchotsa proxy mu browser, muyese ngati tsamba likutseguka, kenako mupite pa seva.