Buku lakukanika? Kabweze, ukatenge lina

Azakhali,

Ndine mtsikana wa zaka 16, ndili Fomu 3 pa sekondale yoyendera m'boma la Ntchisi. Teremu ino talandira madamu atsopano a Chingerezi. Anabwera ndi katoni ya mabuku n'kunena kuti aliyense asankhe lake, aziwerenga payekha, ndipo Lachisanu lililonse azilemba m'kope maganizo ake pa zomwe wawerengazo. Akuti chidule cha nkhani sakuchifuna.

Ine ndinatenga Great Expectations chifukwa linali lalikulu kuposa onse, ndimafuna madamu aone kuti ndine wanzeru. Patha masabata atatu koma ndikadali pa tsamba 14. Mzere uliwonse muli mawu oti sindikuwadziwa, ndipo dikishonale ndi imodzi sukulu yonse, imakhala mu ofesi ya ahedi. Sabata yoyamba ndinakopera zolembedwa kuchikuto chakumbuyo. Sabata yachiwiri achimwene a mnzanga anandipezera chidule pa foni. Madamu anabweza kope langa atalemba ndi bolopeni yofiira kuti akufuna kumva ineyo, osati foni. Sanandikalipire, koma chiyambire tsiku limenelo ndimalephera kuwayang'ana kumaso.

Kunyumba bambo akuti manovelo ndi otayitsa nthawi, ndiziwerenga manotsi poti MSCE ndi chaka chamawa. M'kalasi tikuphunzira The Pearl, ndipo kumeneko ndimakhoza chifukwa manotsi ndimaloweza. Kodi ndine mbuli, azakhali? Nanga maganizo anga ndiwatenga kuti pa buku loti sindikulimva?

Wosowa pogwira, Ntchisi

Mwana wanga,

Lolemba m'mawa kabweze bukulo. Charles Dickens analilemba cha m'ma 1860, m'Chingerezi cha ku England cha nthawi imeneyo. M'machaputala oyambirira momwe watitimiramo muli mkaidi wothawa ndi wosula zitsulo, onse oyankhula Chingerezi chakumudzi kwawo, ndipo Dickens anachilemba monga momwe chinkamvekera pakamwa pawo. Mawu awo ena ngakhale mudikishonale ya ahedi ija sungawapeze. Kukanika pamenepo si umbuli ayi. Mwana wongoyamba kutunga madzi samusenzetsa ndowa ya malita 20. Bukulo udzalipeza m'tsogolo, silithawa.

Ukafika pa katoni ya madamu, usayang'ane kunenepa kwa buku. Tsegula pakati, uwerenge tsamba limodzi, ndipo ukakumana ndi mawu achilendo uzipinda chala. Zala za dzanja limodzi zikatha tsamba lisanathe, bwezera, utenge lina. Ngati muli timabuku topyapyala ta Junior African Writers kapena ta Pacesetters, kapena nkhani zakale zomwe anazilembanso m'Chingerezi chosavuta, yambira pamenepo. Anzako akaseka kuti watenga buku la ana, asiye aseke. Pofika kumapeto a teremu iwe udzakhala utamaliza angapo.

Palinso china chimene chimapeputsa buku: kudziwa kale dziko lomwe nkhani ikuchitikira. Ngati m'katonimo muli The Boy Who Harnessed the Wind la William Kamkwamba, makamaka lija anakonzera achinyamata, usalisiye. Nkhani yake ndi ya ku Wimbe, ku Kasungu, oyandikana nanu omwewo. Muli njala ya 2002, ganyu, mzere wa chimanga pa ADMARC, mwana wobwezedwa kusukulu chifukwa cha fizi. Zimenezi wazimva kwa amayi ako ndi agogo, mwina zina waziona ndi maso. Mawu a Chingerezi akakuvuta, nkhani yomwe ukuidziwa kaleyo imakuuza tanthauzo. La Legson Kayira lotchedwa I Will Try, lomwe linatuluka mu 1965, nalonso ndi la kwathu kuno: mnyamata wochokera kumpoto amene anayenda wapansi mpaka ku Sudan pofunafuna maphunziro a ku America.

Powerenga, leka kuima pa liwu lililonse. Chizolowezi chimenechi n'chimene chimapha anthu ambiri chidwi. Liwu likakudutsa koma nkhani ukuitsatira, pitirira. Likabweranso kachitatu, kachinayi, ndipo ukuona kuti nkhani yatsamira pa ilo, lilembe kumapeto kwa kope ukafunse madamu kapena ukalione mudikishonale nthawi yopuma. Mawu atatu kapena anayi pa tsiku akwanira.

Tsopano za maganizo ako, poti ndi pamene pagona kalata yako. Unazolowera kuti funso lililonse la kusukulu lili ndi yankho limodzi, ndipo yankholo lili m'manotsi a aphunzitsi. Ndiye madamu atanena kuti lemba zomwe ukuganiza, iwe unapita kukafuna yankho lolondola kuchikuto ndi pa foni. Kumeneko kulibe, chifukwa chomwe akufunsa n'chakuti chinachitika n'chiyani mwa iwe pamene unkawerenga.

Titenge The Pearl lomwe ukulidziwa. Kumbuka pamene mwana Coyotito walumidwa ndi chinkhanira, makolo ake Kino ndi Juana n'kupita naye kwa dokotala, khamu la anthu likuwatsata pambuyo. Wantchito akutuluka pachipata, Kino akumupatsa kapepala kopindapinda momwe muli tingale tosaoneka bwino, topanda mtengo. Wantchito akubwerera n'kunena kuti dokotala wachokapo. Anthu akubalalika mwamanyazi, ndipo Kino, ataima nthawi yaitali, akumenya chipata ndi chibakera mpaka magazi kutuluka m'zala. Ukalemba kuti dokotala anakana kuthandiza mwana chifukwa Kino anali wosauka, walemba chidule, ndipo madamu akuchidziwa kale. Koma tiyerekeze walemba kuti: chimene chinandipweteka kwambiri si dokotala, ndi wantchito uja, chifukwa ndi wamtundu umodzi ndi Kino koma ndi iye amene ananama n'kutseka chipata, ndikudabwa ngati anali wouma mtima kapena ankaopa kuchotsedwa ntchito, ndikanakhala ine mwina ndikanachitanso chimodzimodzi, ndipo zimenezi zikundichititsa mantha. Amenewo ndiye maganizo. Palibe foni yomwe ingakulembere zimenezo, ndipo mnzako wokhala naye desiki imodzi akhoza kulemba zosiyana nazo, nonse n'kukhoza.

Choncho powerenga uzikhala ndi pensulo ndi kapepala m'bukumo. Pamene waseka, pamene wakwiya, pamene wadabwa, pamene wakumbukira munthu wina wa m'mudzi mwanu, ngakhale pamene watopa mpaka kuyasamula, lemba nambala ya tsamba ndi mawu awiri atatu okukumbutsa. Lachinayi madzulo sankha malo amodzi okha. Fotokoza mwachidule zomwe zachitika pamenepo, mizere iwiri basi, kenako nena zomwe zinakufikira mumtima ndi chifukwa chake. Chifukwacho ndiye chofunika kwambiri. Kungolemba kuti bukuli ndi labwino, kapena ndi lotopetsa, n'kusiyira pomwepo, n'chimodzimodzi kusalemba kanthu. Uli ndi ufulu wodana ndi buku, wotsutsa wolemba, wonena kuti mathero sanakukhutitse, bola uloze tsamba lomwe lakupangitsa kutero. Funso lomwe ulibe yankho lake nalonso lilembe. Aphunzitsi okonda mabuku amasangalala nalo funso lotere kuposa yankho loloweza.

Ngati Chingerezi chikukutsekereza maganizo, yamba wamufotokozera mnzako m'Chichewa pobwerera kunyumba. Mukatsutsana pang'ono m'njira, udzaona kuti zolemba zapezeka. Kenako uzilembe m'Chingerezi chako chomwecho, chaching'ono, cholakwika mwina ndi mwina. Madamu amene anabwera ndi katoni ya mabuku ku sukulu ya kumudzi, n'kumawerenga makope onsewo sabata ndi sabata, sangakunyoze chifukwa cha galamala.

Bambo ako usawaone ngati adani a maphunziro. Akudera nkhawa mayeso, ndipo ali ndi chifukwa: popanda kukhoza Chingerezi, satifiketi ya MSCE sungaipeze ngakhale maphunziro ena utakhoza bwino. Manotsi a The Pearl usawataye, mabuku a mayeso uwawerenge ndithu. Koma uwafotokozere mwaulemu kuti pa mayeso a Chingerezi pamabwera ndime yoti sunaionepo, uiwerenge, uyankhe mafunso, uifupikitse, ndiponso pamakhala chimangirizo choti ulembe wekha. Zimenezi sizilowezeka. Amakhoza ndi amene maso ake anazolowera kuyenda pa Chingerezi mosadodoma, ndipo kuzolowerako kumabwera ndi kuwerenga masamba ambiri osavuta. Mu 1980 akatswiri awiri a zamaphunziro, Warwick Elley ndi Francis Mangubhai, anayesa zimenezi m'sukulu zapulayimale zakumidzi ku Fiji, kwa ana amene kwawo sayankhula Chingerezi, monga iwe. Anawapatsa mabuku a nthano pafupifupi 250 m'kalasi, n'kumawerenga pafupifupi theka la ola pa tsiku m'malo mwa phunziro lobwereza ziganizo. Patatha miyezi 8, anawa anali atapita patsogolo pa kumva zowerenga pafupifupi kawiri kuposa mmene ana amapitira nthawi zonse, ndipo m'chaka chachiwiri phindulo linaonekeranso pa kulemba ndi pa galamala. Ngati bambo sakumva za kwa iwe, pempha madamu awalembere kakalata, kapena akumane nawo tsiku la msonkhano wa makolo. Mawu a mphunzitsi amalemera kwa kholo.

Nthawi yowerengera ndikudziwa kuti mtsikana wa sukulu yoyendera saipeza chapafupi. Ukaweruka pali mbale, nkhuni, madzi, ndipo usiku tochi ndi imodzi nyumba yonse. Usadikire kuti upeze ola lathunthu. Ika bukulo m'jumbo kuti lisanyowe, uziyenda nalo. Pa mzere wa pamjigo, kuchigayo podikira chimanga chako, pa nthawi yopuma kusukulu, mphindi 15 kapena 20 zimapezeka. Tsiku lililonse pang'ono n'kopambana kudzikakamiza maola atatu Lachinayi usiku.

Pobweza Great Expectations usangoliponya m'katoni n'kuthawa. Dikira anzako atuluke, uwauze madamu zoona: kuti unalisankha pofuna kuoneka wanzeru, kuti linakukanika, ndi kuti zomwe unalemba masabata awiri aja sizinali zako. Akudziwa kale, n'chifukwa chake analemba zija ndi bolopeni yofiira osakuchititsa manyazi pagulu. Akudikira kuti ubwere wekha. Uwapemphe akuthandize kusankha buku lina, ndiponso uwafunse ngati angalole kuti Lachisanu likubwerali ulembe za masamba 14 omwe unawerenga aja: pamene panakuvuta, ndi zomwe unaganiza za kamnyamata kamasiye ka m'bukumo kataopsezedwa ndi mkaidi kumanda mpaka kukaba chakudya kunyumba kwa mlongo wake.

Ndine,
Azakhali ako