Chakuda cha m'pensulo ndicho chimasunga moto wa foni

Kuno ku Phalombe tikamva za migodi timaganiza za phiri la Songwe, komwe kampani ya Mkango Resources ikufuna kukumba miyala ya rare earths. Miyalayi imapanga maginito a injini za galimoto zamagetsi. Koma galimotozo, monganso mafoni amene timatchajitsa pa Migowi, zimayendera batire ya lithium, ndipo mbali imodzi ya batireyo imapangidwa ndi chinthu chimene tonse tinachigwirapo: graphite, chakuda cha m'kati mwa pensulo.

Batire ili ndi mbali ziwiri, ya positive ndi ya negative yotchedwa anode. Maatomu a kaboni mu graphite anasanjana ngati masamba a buku. Tikamatchaja foni, lithium amachoka ku positive n'kukabisala pakati pa masambawo, mmodzi pa maatomu 6 alionse a kaboni. Foni ikamagwira ntchito amabwerera kwawo, magetsi n'kumayenda.

Nanga anode amaipanga bwanji? Graphite wochokera ku mgodi amamupera n'kumubulungiza kuti akhale timibulu tosaoneka ndi maso. Kenako amamuyeretsa mpaka 99.95 peresenti, chifukwa kachitsulo kochepa kotsalira kangathe kuwononga batire. Timibuluto amatikuta ndi kaboni wina, n'kutisakaniza ndi zomatira ndi madzi mpaka zikhale ngati phala. Phalalo amalipaka pa kopa wopyapyala kuposa pepala, kuliumitsa, kulipsinja, n'kulidula.

Graphite tili naye. Ku Kasiya, m'boma la Lilongwe, kampani ya Sovereign Metals inapeza graphite wambiri pamodzi ndi rutile, ndipo mu 2023 kampani ya Rio Tinto inagulako masheya. Komatu phindu lalikulu lagona pa kuyeretsa ndi kubulungiza, ntchito imene yochuluka zedi imachitikira ku China. Ngakhale graphite wina wa ku Balama, ku Mozambique, amapita ku Vidalia, ku America, kukakonzedwa kuti akhale wa anode.

Apa m'pamene ife ophunzira zauphunzitsi tikubwerapo. Fakitale yotere imafuna magetsi odalirika ndi anthu odziwa Chemistry, ndipo anthuwo adzatuluka m'makalasi mwathu. Tikadzafika pa mutu wa kaboni, tisadzangolembetsa manotsi. Ana adzadetse pepala kwambiri ndi pensulo, adzalumikize mzere wakudawo ku batire ndi kababu ka LED, adzaone kakuyaka. Tikadzaphunzitsa mwaulesi, ana a m'tsinde mwa Songwe adzangokhala onyamula matumba pamgodi, ntchito zaukadaulo zikugwiridwa ndi alendo.