Penti Wokhalitsa Amayambira pa Chitsulo Choyera

Magalimoto onyamula anthu ndi katundu pakati pa boma la Mzimba, Jenda, Embangweni ndi Edingeni amalimbana ndi fumbi m'chilimwe ndi matope m'dzinja. Timiyala timasupula penti, ndipo matope okanirira kunsi kwa zitseko amasunga chinyezi chimene chimabala dzimbiri. Dzimbirilo likangokwiriridwa ndi penti watsopano, pentiyo amatukusira pakapita miyezi yochepa. Ndalama za mwini galimoto zimalowa m'madzi, mbiri ya mmisiri nayo n'kuipa. N'chifukwa chake ntchito yaikulu imagona pa kukonza thupi la galimoto penti asanathiridwe.

Choyamba, galimoto itsukidwe ndi sopo, ndipo girizi ndi mafuta onse zipukutidwe, pakuti penti sagwira pamalo a mafuta. Kenaka paliponse pamene pali dzimbiri papalidwe ndi sandipepa wokhakhala wa nambala 80 mpaka chitsulo chiwale. Pamene chitsulo chabooka, padulidwe ndi kuwotchererapo china.

Chachiwiri, malo ophwanyika awongoledwe ndi hamala asanamatepo fila, phala louma msanga lija lotsekera maenje. Fila akhale wopyapyala, chifukwa wochindikala amang'aluka galimoto ikamagwedezeka m'mabampu. Akauma, asalazidwe ndi sandipepa wa 180, kenaka wa 320, popanda madzi, popeza fila amamwa chinyezi.

Chachitatu, magalasi, nyali ndi mphira zikutidwe ndi mapepala ndi tepi, ndipo pathiridwe pulaima, penti woyamba amene amateteza chitsulo ndi kugwiriza penti weniweni. Chitsulo chopalidwa chisagone chosathiridwa pulaima, makamaka m'miyezi ya mvula, kuyambira Disembala mpaka Malichi. Pulaima athiridwe kawiri kapena katatu mopyapyala, kudikira mphindi 10 mpaka 15 asanabwereze. Akauma, asalazidwe ndi sandipepa wa 600. M'nyengo yozizira ya Juni ndi Julayi pulaima amachedwa kuuma, motero mmisiri asapupulume.

Ntchitoyi ichitikire m'malo otchinga fumbi koma opita mphepo, ndipo wothira avale chophimba mphuno ndi pakamwa chosefa mpweya, chifukwa mankhwalawa amawononga mapapo.

Achinyamata ofuna lusoli angafunse za maphunziro ovomerezeka ku TEVETA, bungwe limene linakhazikitsidwa mu 1999. Eni magalimoto nawo aziona okha chitsulo chopalidwa asanalole kuti pulaima athiridwe.